Kulembetsa Mwana ku Sukulu ya Gule

Masiku ano m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre muli makolo amene atulutsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti ana awo aphunzire kuvina. Mwana alembedwa dzina m'kaundula, agulidwira zovala zapadera, ndipo masana ena pa sabata aperekezedwa kukaphunzira gule wa ku Ulaya wotchedwa ballet, kapenanso magule amakono amene achinyamata aonera pa kanema ndi pa foni. Mbiri imeneyi ikafika kwathu kuno kunyanja, ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya, anthu ailandira mosiyanasiyana. Ena aseka chikhakhali, nafunsa ngati kuvina nakonso kwasanduka malonda. Ena akwiya ndithu, nati mwana wotumizidwa kukavina ngotayika, pakuti nthawi yake iyenera kuthera pa masamu ndi Chingerezi.

Oseka ndi okwiya omwe aiwala chinthu chimene chili pamphuno pawo. Dera la Nkhata Bay lakhala ndi sukulu za gule kwa zaka pafupifupi 100, ndipo sukuluzo zili ndi aphunzitsi, malamulo, msonkho, yunifolomu ndi mayeso omwe. Ndikunena magulu a malipenga, amene eni ake awatcha maboma, pamodzi ndi magulu a chilimika a atsikana. Chimene anzathu a m'tauni agula ndi ndalama zambiri ife tidachilandira kwa makolo athu, koma tikuchilekerera kuti chifote chifukwa sitidachiyese sukulu. Nkhani ino ifuna kuonetsa kuti kholo lolola mwana wake kulowa m'boma la gule lamulembetsa sukulu yeniyeni, ndipo chifukwa cha ichi liyenera kufunsa mafunso onse amene lifunsa posankha sukulu ina iliyonse.

Kumene malipenga adachokera

Tiyambe ndi mbiri, pakuti achinyamata ambiri otsiriza sukulu adziwa dzina la guleyu koma gwero lake salidziwa. Cha m'ma 1890, m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamchere monga Mombasa ndi Lamu, mudabuka magulu a gule otsanzira perete wa asilikali ndi mabandi awo oimba ndi malipenga achitsulo. Guleyo adatchedwa beni, dzina lochokera ku liwu la Chingerezi lakuti band. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amuna ambirimbiri a dziko lino adatengedwa, ena kukakhala asilikali a King's African Rifles, ena kukakhala amtengatenga onyamula katundu wa nkhondo m'maiko amene lero atchedwa Tanzania ndi Mozambique. Nkhondoyo idafika ngakhale pa nyanja yathu ino. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven kutsidya kwa nyanja, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho kudamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amene adapulumuka nabwerera kumudzi adadza ndi zimene adaziona kumeneko: kufola m'mizere, malamulo ofuula, maudindo otsatana, ng'oma yaikulu yachikopa mbali zonse ziwiri, ndi ukhondo wa msilikali.

Mbewu imodziyo idamera mosiyana malinga ndi nthaka. Pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi ku Machinga idasunga dzina la beni. M'chigawo chapakati, monga ku Nkhotakota, Ntchisi, Dowa ndi Kasungu, itchedwa mganda. Ku migodi ya kopa ya ku Zambia kudatchuka kalela, gule amene Clyde Mitchell adamuonera ku Luanshya nalemba za iye mu 1956. Pakati pa Atonga a kunyanja, pa chilumba cha Likoma, ndiponso ku Rumphi ndi ku Karonga, dzina lake ndi malipenga. Katswiri wa mbiri yakale Terence Ranger adalondola ulendo wonsewu m'buku lake la 1975 lonena za beni, naonetsa kuti ovinawo adatenga zizindikiro za mphamvu za Mzungu n'kuzisandutsa masewera awoawo, opikisana nawo gulu ndi gulu. Posowa malipenga achitsulo, makolo athu adatenga zipanda, naziboola, namata kachikopa kopyapyala ka kangaude pa kabowo kuti liwu lizinjenjemera. Nzeru imeneyo sadaiphunzire kwa Mzungu aliyense.

Pali mfundo ina imene okwiya aja ayenera kuilingalira. Dr Robert Laws atasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, Atonga adalandira sukulu ndi manja awiri, kotero kuti posakhalitsa adatchuka m'maiko onse a kummwera monga makalaliki, akapitawo ndi aphunzitsi. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adachokera m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe. Tsono anthu omwewo amene adakonda cholembera ndi buku kuposa anzawo ambiri ndiwo adakometsanso malipenga. Kabudula woyera, shati yosita bwino, tayi ndi masokosi aatali zimene wovina avala ndi chithunzi cha munthu wophunzira wa masiku amenewo. Kumudzi, gule ndi sukulu sizidali pa udani.

Boma la gule lili ndi zonse za sukulu

Munthu akayang'anitsitsa kayendetsedwe ka boma la malipenga apeza kuti n'kolongosoka kuposa makalabu ambiri a m'sukulu zathu. Pamwamba pali Kingi, ndipo pansi pake pali akuluakulu okhala ndi maina a maudindo a usilikali. M'maboma ena muli ngakhale dokotala ndi namwino, amene ntchito yawo ndi kuyendera ovina ndi kuona ngati asamba, ameta ndi kuvala moyenera. Pali wosunga chuma ndi wolemba makalata. Pali masiku oikika okonzekera, ndipo wochedwa kapena wojomba popanda chifukwa adzudzulidwa, mwinanso kulipitsidwa. Mwana ayamba ndi kutsanzira ali m'mphepete mwa bwalo, kenaka aloledwa kumzere wakumbuyo, ndipo asendera kutsogolo pokhapokha miyendo yake itamvera ng'oma. Kumeneko ndiko kukwera makalasi.

Nanga mayeso? Nyengo yachilimwe, anthu atatsiriza kukolola, maboma aitanizana. Boma lina lilembera linzake kalata, alendo afika, mudzi uwaphikira kondowole ndi nsomba, ndipo magulu alowa m'bwalo motsatana pamaso pa khamu limene lidziwa sitepe iliyonse. Wophonya phazi aonekera poyera, ndipo mbiri yake iyenda m'midzi kufikira chaka chamawa. Ku London kuli bungwe la Royal Academy of Dance, lokhazikitsidwa mu 1920, limene liyesa ana ovina ballet m'maiko ambiri ndi kuwapatsa masatifiketi gawo ndi gawo. Kusiyana kwa mayeso awowo ndi athuwa n'kwakuti iwo alemba zotsatira papepala, pamene ife tizisunga m'mitu ya anthu.

Atsikana nawo ali ndi sukulu yawo. Liwu lakuti chilimika m'Chitonga litanthauza chaka, ndipo guleyu avinidwa nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Atsikana afola m'mizere atavala mofanana, timipango tili m'manja, anyamata akuwaimbira ng'oma, ndipo kayendedwe kawo kaonetsa ubale wake ndi malipenga. Amayi ali ndi chiwoda, ndipo pa maukwati pamveka honala woimbidwa ndi akodiyoni, chida chimene adabwera nacho amuna obwerera kuchokera ku ntchito kummwera.

Kodi mwana aphunziramo chiyani m'zonsezi? Choyamba, aphunzira kumvetsera ndi kuwerenga nthawi, pakuti anthu makumi angapo sangakweze phazi limodzi pa kamphindi kamodzi ngati aliyense samva ng'oma ndi kupenya mnzake. Chachiwiri, aphunzira kudzisamala. Kusunga chovala choyera m'mudzi wafumbi, kuchichapa kunyanja ndi kuchisita ndi simbi yamakala popanda kuchiotcha, ndi phunziro limene mnyamata adzaliyamikira tsiku lokafunsira ntchito. Chachitatu, aona ndi maso m'mene bungwe liyendera: kusonkha ndalama, kuzisunga, kufotokoza m'mene zagwirira ntchito, kulandira alendo ndi kuweruza olakwa. Chachinayi, aphunzira chiyankhulo chake. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ziyankhulo zina zidasowa malo m'kalasi, kotero kuti kwa mwana wa Chitonga nyimbo za m'bwalo ndizo zisunga mawu akuya, miyambi ndi nthabwala za makolo ake. Chachisanu, aphunzira kupambana mosanyada ndi kugonja mosakwiya, pamaso pa anthu amene adzakumana nawonso mawa ku dooko ndi ku chigayo.

Chimene chikufooketsa sukuluyi

Aliyense wokhala kunyanja kuno aona kuti m'midzi yambiri mizere ya malipenga yadzala ndi imvi. Zifukwa zake zilipo zinayi, ndipo n'zofunika kuzisiyanitsa.

Choyamba ndi ulendo wa ku Joni. Kupita kunja kukagwira ntchito si kwachilendo pakati pa Atonga. Jaap van Velsen, amene adakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1950 nasindikiza buku lake mu 1964, adapeza kuti amuna ambiri amphamvu ankakhala ali kunja, koma midzi inkaimabe chifukwa apaulendowo sankadula chingwe cha kwawo. Masiku amenewo ulendo unkadyetsa gule, pakuti zovala zoyera, nsapato ndi zipewa zinkachokera komweko. Lero mnyamata anyamuka atangolemba mayeso a Fomu 4, mwinanso asanafike n'komwe, kupita ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, asanakhwime m'bwalo. Otsala kumudzi ndi agogo ndi adzukulu. Msinkhu wapakati, umene uyenera kulandira luso kwa akulu ndi kulipereka kwa ana, ndiwo wasowa, ndipo makwerero othyoka pakati sakwereka.

Chachiwiri ndi mantha akale a mpingo. Amishoni oyamba ankakayikira magule ambiri, ndipo Mkhristu wopezeka m'magule ena ankaimitsidwa mu mpingo. Maganizo amenewo adatsalira m'mitima ya ena kufikira lero, ngakhale kuti mipingo yambiri tsopano ilola ng'oma m'tchalitchi, ndipo ku Katolika tiona tiatsikana tovina pa Misa titaphunzitsidwa mosamala.

Chachitatu ndi ndale. M'zaka za ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, amayi ankasonkhanitsidwa kukavina pa misonkhano, ndipo ana asukulu ankataya masiku ambiri akukonzekera zionetsero za pa zikondwerero za fuko. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, kukakamiza kudatha, koma kudadza kuvinira nsalu ndi tindalama ta andale. Lisa Gilman, amene adachita kafukufuku wake kuno ku Nkhata Bay, adalongosola zimenezi m'buku la 2009. Kholo limene lidakula likuona gule akudya nthawi ya maphunziro, kapena akusanduka njira yopemphera, lili ndi chifukwa chomveka chokayikira.

Chachinayi ndi foni. Mwana wa lero aphunzira masitepe a amapiano a ku South Africa ali yekha kuseri kwa nyumba, maso ali pa kagalasi. M'menemo mulibe choipa mwa icho chokha, pakuti malipenga nawonso adachokera kunja. Chosowa ndi mphunzitsi womuongola, gulu lomudikira, ndi lamulo lomuuza nthawi yoleka. Ndipo oseka aja akumbukire kuti ukwati ukayandikira, iwo omwe afuna munthu wophunzitsa aperekezi masitepe, namlipira, ana nakonzekera madzulo aliwonse kwa masabata angapo. Kulipirira phunziro la kuvina kudafika kale m'midzi mwathu, kungoti sitikutchula dzina lake.

Gule wa pa bolodi

Wina anena kuti sukulu za boma zidatenga kale udindo umenewu. N'zoona kuti silabasi ya pulayimale imene idayamba kulowa m'sukulu mu 2007 idabweretsa phunziro la Expressive Arts, lophatikiza nyimbo, magule, zisudzo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Koma ife aphunzitsi tidziwa m'mene phunziroli liyendera. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo makalasi odzaza akhala nafe kuyambira pamenepo. Mphunzitsi wotumizidwa ku Kande mwina kwawo ndi ku Mulanje kapena ku Dedza, ndipo malipenga adangowaona pa kanema. Mayeso a Sitandade 8 afunsa za luso papepala. Tsono mphunzitsiyo achita chimene angathe: alemba pa bolodi dzina la gule, mtundu wa anthu ovina, zovala ndi zida zoimbira, ana nakopera, naloweza. Mwana akhoza funsolo bwinobwino asanakwezepo phazi, pamene kuseri kwa mpanda wa sukuluyo kukhala nkhalamba imene idakhala Kingi zaka zambiri, yopanda woifunsa kanthu.

Dziko lathu lidavomereza mu 2010 pangano la UNESCO la 2003 loteteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja. Gule Wamkulu ndi Vimbuza adalemekezedwa ndi bungweli mu 2005, Tchopa wa Alhomwe adalembedwa mu 2014, ndipo Mwinoghe wa ku Chitipa adatsatira mu 2018. Panganolo linena poyera kuti njira imodzi yaikulu yotetezera chikhalidwe ndiyo kuchipereka kwa ana kudzera m'maphunziro a m'kalasi ndi a kunja kwa kalasi. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 26, apatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chake ndi kutenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Mawu alipo okwanira. Chotsala ndi chakuti mwana wina wake, wa m'mudzi wina wake, aime pamzere Lachitatu masana.

Nkhawa za makolo zili ndi maziko

Pano tisanamizane, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makolo okana ana awo kupita ku gule ali ndi zifukwa zimene sitingazikankhire pambali.

Nkhawa yoyamba ndi nthawi. Malo ku sekondale ngochepa, ndipo mwana wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 4 alibe masana otaya. Komabe kalendala itithandiza. Tchuthi chachikulu chigwa mu Ogasiti, imene ili nyengo ya malipenga, ndipo chilimika chigwa pa tchuthi cha Khirisimasi. Chofunika ndi mgwirizano wakuti mkati mwa teremu ana akonzekere masana amodzi kapena awiri pa sabata, ndi kuti olemba mayeso apumule kufikira atatsiriza.

Nkhawa yachiwiri, imene ili yaikulu koposa, ndi chitetezo cha atsikana. Ulendo wokavina kumudzi wina, kugona komweko, mowa wa pa chikondwerero ndi amuna obwera ndi ndalama za ku Joni pa Khirisimasi, zonsezi zadulitsa sukulu atsikana ena. Malamulo aakulu a dziko adasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa mu 2010. Gulu lotenga ana a eni lisenza udindo wonse umene sukulu isenza. Ngati palibe amayi odziwika operekeza atsikana, ngati kukonzekera kupitirira dzuwa litalowa, kholo likane mosachita manyazi.

Nkhawa yachitatu ndi ndalama. Yunifolomu ya gule siichepa mtengo, ndipo banja lodalira usipa ndi chinangwa silingagule nsapato ziwiri, ya kusukulu ndi ya kubwalo. Gulu lanzeru lisunga zovala za ana monga katundu wa gulu, kuti wamkulu akakula asiyire wamng'ono. Palinso funso la ndalama zolowa. Ana akavinira alendo ku malo ogona a m'mbali mwa nyanja, ndalamazo alandira ndani, ndipo zilembedwa kuti? Mwana wojombetsedwa kusukulu kuti akasangalatse alendo kapena andale wasanduka wantchito wosalipidwa.

Nkhawa yachinayi ndi chipembedzo. Apa kholo liyenera kudziwa kusiyana kwa magule. Vimbuza ndi gule wa machiritso, ndipo Gule Wamkulu ali ndi mwambo wake wolowera ndi zinsinsi zake. Onsewa ali ndi ulemu wawo ndi eni ake. Malipenga ndi chilimika ndi magule a chisangalalo ndi mpikisano, ochitika masana poyera, opanda chinsinsi. Banja lisankhe malinga ndi chikhulupiriro chake, koma lisankhe likudziwa chimene likukana kapena kuvomera.

Kodi m'gule muli chakudya?

Achinyamata otsiriza sukulu afunsa funso limeneli kawirikawiri, ndipo ayenera kuyankhidwa moona. Njira zilipo, koma n'zopapatiza. Boma lidakhazikitsa gulu la magule la fuko la Kwacha Cultural Troupe mu 1987. Ku yunivesite ya ku Zomba kwakhala kuli gawo lophunzitsa luso la zisudzo, nyimbo ndi zojambula kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chidakopa alendo ochokera m'maiko akutali, chidayambira pa Chintheche pompano mu 2004. Kunja, dziko la Ghana lidakhazikitsa Ghana Dance Ensemble pa yunivesite ya ku Legon mu 1962, motsogozedwa ndi Albert Mawere Opoku ndi Kwabena Nketia, amene adatenga magule a m'midzi n'kuwaphunzitsa mwadongosolo. Ku Senegal mayi Germaine Acogny adayambitsa École des Sables mu 1998 m'mudzi wa asodzi wa Toubab Dialaw, ndipo ovina ochokera m'maiko ambiri a mu Africa ndi kutsidya kwa nyanja apita kukaphunzira kumeneko, akuvina pamchenga. Mudzi wa asodzi wokhala ndi mchenga woyera ndi chinthu chimene ife a ku Kande ndi ku Chintheche sitifunika kufotokozeredwa.

Ngakhale zili choncho, mwa ana onse olowa m'bwalo ndi owerengeka okha amene adzadya za gule, monga momwe mwa ana onse osewera mpira ndi owerengeka amene adzavala malaya a Flames. Sitiletsa ana mpira pa chifukwa chimenecho, ndipo sitiphunzitsa masamu kwa okhawo odzakhala mainjiniya. Kholo lolembetsa mwana ku gule liyembekezere mwana womvera nthawi, wathupi lolimba, wosaopa kuima pagulu ndi wodziwa kwawo. China choposa pamenepo chikadza, chidze ngati mphatso.

Zoyenera kuchita

Kwa makolo anzanga, mafunso ofunsa musanapereke mwana ndi awa, kaya ndi ku boma la malipenga la m'mudzi mwanu, kaya ndi ku sukulu yolipira ya m'tauni. Wophunzitsa ndani, ndipo mbiri yake pakati pa ana njotani? Kukonzekera kuyamba nthawi yanji, kutha nthawi yanji? Pa ulendo aperekeza ndani, ndipo ana agona kuti? Ndalama zosonkha ndi zolandira asunga ndani, ndipo afotokozera yani? Mwana akayamba kutsika m'kalasi, gulu lichitapo chiyani? Gulu loyankha bwino mafunso asanu amenewa lipatseni mwana, ndipo tsiku la mpikisano mukakhalepo. Gulu lokwiya nawo mafunsowa laonetsa kale khalidwe lake.

Kwa aphunzitsi anzanga, makamaka aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu, palibe lamulo loletsa kuitana Kingi wa boma la pafupi kapena mayi wodziwa chilimika kuti adzathandize pa phunziro la Expressive Arts, mphunzitsi ali pomwepo. Mphunzitsi adziwa kasamalidwe ka kalasi, nkhalamba idziwa gule. Mutu umodzi susenza denga. Kaundula wa kalabu ya gule ayendere limodzi ndi kaundula wa kalasi, kuti wojomba m'mawa asavine masana. Sukulu za m'zoni imodzi zingathe kukonza mpikisano kamodzi pa chaka monga zichitira ndi mpira, ndipo wopambana apatsidwe kalata yosainidwa, kuti luso lake likhale ndi umboni wapapepala. Zimenezi zifunika koposa ku malo monga Usisya, kumene munthu afika pa Ilala kapena pa msewu wotsetsereka wovuta nyengo yamvula. Mwana wa kumeneko sadzaona sukulu ya ballet pafupi, koma bwalo la gule alifika wapansi.

Kwa mafumu athu, monga a Fukamapiri, a Malengamzoma, a Timbiri ndi a M'bwana, pamodzi ndi bungwe la Mdauku wa aTonga, pempho ndi lakuti pa zikondwerero za chikhalidwe pazikhala gawo la magulu a ana, ndi kuti pakhale malamulo odziwika a nthawi yoweruka ndi a kaperekezedwe ka atsikana. Lamulo lotuluka pakamwa pa mfumu limveka msanga kuposa kalata ya mphunzitsi.

Kwa inu achinyamata amene mwatsiriza Fomu 4 ndipo mukudikira zotsatira kapena ntchito, boma la gule la kwanu lisowa mlembi. Tengani kope, mukhale pansi ndi agogo, mulembe dzina la boma lanu, chaka chimene lidayamba ngati achikumbuka, maina a Makingi motsatana, nyimbo ndi matanthauzo ake, ndiponso kapangidwe ka lipenga kuyambira pa kusankha chipanda. Foni imene muonera magule a eni ijambulenso masitepe a kwanu, ndipo kope limodzi mukasiye ku sukulu ya pulayimale ya m'mudzi mwanu. Ntchito imeneyi ifuna kope, cholembera ndi masana a tchuthi chimodzi, ndipo ichitike akuluakuluwo akali ndi mphamvu zoimirira ndi kukuonetsani m'mene phazi liponderedwa.

M'gawo lotsatira tidzaona nyimbo za malipenga ndi chilimika, amene azipeka, ndi m'mene mphunzitsi angazigwiritsire ntchito pophunzitsa mbiri ya dera lino.